Ndemanga yanga pa mmisiri amene anandimangira mpanda ku Ngabu

Papita nyengo ziwiri za mvula chimalizireni mpandawu, ndiye ndikuona kuti tsopano ndingathe kuyankhulapo za ntchito ya bambo amene anandimangira. Ndikulembera makamaka anzanga akuno kuchigwa amene mukufuna kuzinga puloti yanu, kaya kuno ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula kapena pa boma la Nsanje. Dzina lawo ndilisunga, koma ndi mmisiri wachikulire wa ku Nchalo amene amayenda ndi anyamata anayi.

Mpanda wanga woyamba unagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Unali wa njerwa zootcha, womangira dothi, wopanda ndi kabowo komwe kodutsira madzi. Madzi ochokera kumapiri a kumadzulo atafika pakhoma anasowa kolowera, nakhotera kwa agogo oyandikana nane n'kugwetsa khitchini yawo. Usiku womwewo khoma nalo linagwa. Agogowo sanandinene chilichonse, koma ndinkachita manyazi kuwapatsa moni. Kukhala opanda mpanda kunalinso kosatheka: amene amadziwa Ngabu akudziwa mmene mbuzi ndi ng'ombe zimayendera, ndipo mpanda wa bango umene ndinaikapo mongoyembekezera chiswe chinali chitayamba kale kuudya.

Tsiku loyamba bambowa sanatulutse ngakhale tepi. Anayenda kuzungulira puloti, kenako anati, "Mayi, malire anuwa amawadziwa ndani kupatula inu?" Ndinawaonetsa pamene panadutsa khoma lakale. Iwo anati khoma logwa si mboni, ndipo sakumba dzenje mpaka nyakwawa ndi anthu onse ogundana nane malire abwere. Zinandiwawa chifukwa ndinaona ngati akundikayikira. Koma anthu atasonkhana kunapezeka kuti khoma lakale lija linadya pafupifupi phazi limodzi ndi theka la kanjira kopita kumjigo. Zaka zonsezi amayi ankapanikizika ndi zidebe pamenepo, ine osadziwa kuti wolakwa ndine. Tinakhoma zikhomo zachitsulo aliyense akuona, ndipo kanjirako kanabwerera mwakale.

Itatha ya malire inabwera ya msewu. Puloti yanga siili patali ndi M1, ndipo pa misewu ikuluikulu ngati imeneyi mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu, osayenera kumangapo. Nonse munaonapo nyumba ndi magolosale olembedwa X wofiira. Bambowa anayeza kuchokera pakati pa phula, napeza kuti ngodya yakummawa ikupulumuka ndi pang'ono, ndiye anaibweza m'kati ndi mita imodzi kuti tisadzakangane ndi wina aliyense. Kenako anandijambulira pulani ya mpanda papepala n'kundiuza kuti ndipite nayo ku khonsolo ku Chikwawa. Ambirife timaganiza kuti chilolezo ndi cha nyumba basi, kapena kuti ndi nkhani ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma lamulo la mapulani a malo la 2016 silinasiye maboma kunja. Kumeneko anandifunsa ngati mpanda sukulowa mumsewu, ngati sukutseka ngalande, ngati geti lidzatsekukira m'kati, komanso ngati sitikumanga pamwamba pa paipi ya madzi kapena kutsekera polo ya ESCOM m'bwalo. Mafunso onsewo mmisiriyo anali atandifunsa kale kunyumba, ndiye sindinasowe choyankha.

Apa ndinenepo chimene ndimawadandaulira mpaka lero. Zonsezi zinatenga masabata atatu, ndipo m'masiku omwewo, mu Novembala 2023, kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti. Ine ndinali nditagula theka lokha la simenti. Pobwerera kusitolo mtengo unali wina. Munthu amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri chonchi akanandiuza kuti ndigule simenti yonse ndi zitsulo pamene tikudikira mapepala, poti ndalama ndinali nayo m'manja. Sanatero, ndipo ndinachita kugulitsa mbuzi ziwiri kuti ndikwanitse zotsalazo.

Pa kamangidwe penipeni ndilibe nawo mawu. Dothi lathu la makande limang'ambika m'chilimwe mpaka dzanja kulowa m'ming'alu, mvula ikagwa n'kufufuma. Khoma lomangidwa pamwamba pa dothi lotere limang'aluka ngakhale kusanabwere madzi osefukira. Iwo anakumba maziko akuya mpaka m'chiuno, anayala mchenga pansi, n'kuthira konkire yokhala ndi zitsulo. Pa mamita atatu alionse anaimika mzati, ndipo m'malo angapo anasiya kampata kopyapyala pakati pa zigawo za khoma. Nditafunsa anati dothi likamasuntha chigawo chilichonse chizisuntha pachokha, chisakoke chinzake. Tinagwiritsa ntchito mabuloko a simenti, ndipo ankawathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya, chifukwa ndi kutentha kwa kuno, kumene kumapitirira madigiri 40, simenti ikauma msanga imafumbutuka ngati ufa. Ntchito ankayamba kusanache, n'kupuma dzuwa likafika pamutu.

Chimene ndimachiyamikira koposa ndi mabowo a madzi. M'munsi mwa khoma lakumadzulo ndi lakummawa anasiya mipata ikuluikulu yotchinga ndi timipiringidzo tachitsulo, kuti madzi azilowa uku n'kutulukira uko koma ana ambuzi asamadutse. Ine ndinkakana. Ndinati ndikumangiranji mpanda ngati madzi azidutsabe pabwalo panga? Anandiyankha kuti, "Mayi, madziwa njira yawo ndi yomweyi kuyambira kale. Mukawatsekera apita kwa agogo aja." Ndinangoti chete. Anakonza kangalande kakonkire kodutsa m'mbali mwa bwalo kukathira mu ngalande ya kumsewu. Chaka choyamba sindinathe kuweruza chifukwa mvula inali yochepa ndi El Nino uja, koma chaka chachiwiri kunagwa mvula yamphamvu masiku angapo motsatizana. Ndinatuluka ndi tochi usiku kukaona: madzi ankadutsa m'kangalande kaja mwaliwiro, khoma lili chiimire, kwa agogo kouma. Mvula ngati ya Freddy sinabwerenso, ndiye sindinganene kuti mpandawu wayesedwa kotheratu. Mabowowo amafunanso kuchotsa zinyalala pafupipafupi, apo ayi mapepala apulasitiki amawatseka.

Mizere iwiri yapamwamba anaika mabuloko obowola kuti mphepo izilowa. Ndinkafuna khoma lalitali lotseka lonse ngati a m'tauni, koma anandiletsa ponena kuti bwalo lidzasanduka uvuni. Mu Okutobala timagona pakhonde, ndipo kamphepo kamene kamadutsa m'mabowomo timakamva.

Zina zimene sizinandisangalatse ndi izi. Pakati pa ntchito anasowa masiku asanu, foni yozima, ndipo ndinadzamva kuti anali ndi ntchito ina ku Bangula. Akanangondiuza sindikanakwiya. Anyamata awo anasiya zidutswa za mabuloko ndi matumba a simenti mbwee pakanjira kakumjigo kaja, ndinachita kuwola ndekha ndi ana. Tinagwirizananso mtengo pakamwa pokha, ndiye pomaliza tinasiyana mawu pa ndalama ya kangalande, iwo akuti inali yapadera, ine ndikuti inali momwemo. Tinagawana pakati. Mukawatenga, lembani zonse papepala musanayambe, pakhalenso mboni.

Geti ndiye lokhumudwitsa kwambiri. Sanapange okha, anabweretsa wowotcherera wodziwana naye, ndipo patangotha miyezi inayi linayamba kukhula pansi chifukwa mahinjesi ake ndi aang'ono poyerekeza ndi kulemera kwa chitseko. Nditawaimbira anabwera sabata yomweyo n'kulikweza osandilipiritsa, koma layambanso kutsika. Amene mukufuna mmisiri wa mpanda kuno kuchigwa, bambowa atengeni, ine ndawatumiza kale kwa achemwali anga ku Nchalo. Koma geti mukapangitse kwina, ndipo muumirire mahinjesi atatu akuluakulu mbali iliyonse. Langali ndikudikira ndalama ya thonje kuti ndisinthe.