Mphunzitsi wa jimu wobwera pakhomo

Kwa oyamba kumene, ntchito ya aphunzitsi obwera kunyumba ndi yabwino ndithu. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa za BP, shuga ndi mawondo, kenaka mphindi 10 zotenthetsa thupi. Ma squat (kunyonyomala n'kudzuka) amakuchititsani magawo 3, gawo lililonse ka 10 mpaka 12, kupuma mphindi imodzi pakati. Maso ake amakhala pa zidendene: zikanyamuka pansi, kulemera kumathamangira m'mawondo, ululu n'kuyambira pomwepo.

Chodandaulitsa ndi zida. Ambiri amangonyamula chingwe chodumphira ndi malamba a mphira, ndiye pakapita milungu ingapo thupi likhoza kuzolowera, mphamvu osawonjezekanso. Musanalipire mwezi wonse, afunseni ngati ali ndi madambelo (zitsulo zonyamula m'manja) otheka kuwonjezera kulemera kwake.