Bambo wotumiza katundu ku Likoma: zomwe ndaona pa zaka zitatu

Apongozi anga amakhala ku Likoma, ife tili ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira a mwezi ndi mwezi ndimatumiza kudzera kwa bambo wina yemwe ali ndi kaokala kufupi ndi depoti. Dzina sinditchula, koma aliyense wakuchilumba amene ali m'tauni muno amawadziwa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito nkosavuta. Ukafika ndi katundu, amasoka thumba iwe ukuona, nkulemba dzina ndi mudzi mbali zonse ziwiri, kenako amalembanso m'kabuku kawo kakuda ndi thukuta. Tsiku la sitima likayandikira amatsika nazo ku Nkhata Bay pamsewu wokhotakhota uja, nkukweza pa Ilala. Kuchilumbako mphwawo amalandira ku Mbamba ndipo amaimbira foni apongozi. Zaka zitatu zonsezi palibe ngakhale paketi ya mchere yomwe idasowa. Kwa ine chimenechi ndiye chachikulu, poti kale ndinkapatsira aliyense wopita, ndipo shuga ankafika atalawidwa kale.

Mtengo wokha ndiye umaluma. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, adakweza sabata yomweyo, ndipo ndidawakalipira. Iwo sadakwiye. Adangoti, "Mayi, werengani manja amene thumba lanuli limadutsamo." Tidawerengadi: galimoto yopita kunyanja, anyamata onyamula padoko, sitima, onyamula akutsidya, ndi wanjinga wokafikitsa pakhomo. Aliyense amafuna yake. Apa mpomwe ndidamvetsa chifukwa chake sopo wa pagolosale ku Likoma amadula kuposa wa mumsika wa Mzuzu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 14,000 m'boma la Likoma, kuphatikiza a pachilumba cha Chizumulu, ndipo nthaka yake ndi mchenga, miyala ndi milambe. Chinangwa chimachitako, koma chimanga sichingakwanire anthu onsewo. Zambiri zimachita kuwoloka.

Chodabwitsa nchakuti zilumba ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ukaima kugombe lakum'mawa la Likoma, katauni ka Cobué ka ku Mozambique umakaona ndi maso, ndipo nkhuni zambiri zimachokera komweko. Apongozi amakonda kuseka kuti moto ndi wa ku Mozambique, ufa ndi wa ku Mzuzu, chawo ndi ndiwo basi. Chomwe chimawalumikiza ndi dziko lawo ndi sitima ya Ilala ija, yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949 nkuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Ndi yaikulu kwa apongozi anga amene, koma ikangolira padoko, chilumba chonse chimadzuka.

Tsono pali chimodzi chomwe sindidawakhululukire bwinobwino bambowa. Mu Julayi wa chaka chatha ndidatumiza matumba asanu a simenti kuti tikonze khonde la apongozi. Bambowa adachedwa kutsika, sitima nkuwasiya. M'malo mondiimbira, adangokweza katundu paboti lamatabwa la munthu wina, nyengo ya mwera, pamene ngakhale asodzi enieni amayamba ayang'ana nyanja kawiri asanakankhe bwato. Mafunde adalowa. Matumba awiri adafika atauma gwa ngati mwala, ndipo mpaka lero amakhalirapo alendo pansi pa mtengo wa mango. Adandibwezera limodzi, lina tidagawana chitayiko. Koma simenti ndi simenti chabe. Chomwe chidandisowetsa tulo nchakuti mwana wa mlamu wanga, wa Fomu 3, adakwera boti lomwelo pobwerera kwawo, atakhala pamwamba pa katundu, wopanda jekete yoyandamitsa. Adafika ali bwino, atasanza njira yonse. Anthu amakwera maboti otere osati chifukwa chokonda, koma sitima ukaiphonya ndiye kuti udikira masiku, pamene matenda, maliro ndi mayeso sizidikira.

Kuyambira pamenepo tidapangana: katundu wanga akwere sitima yokha, ikawasiya agone mu okala mpaka ulendo wina. Simenti ndimakulunga ndekha m'pulasitiki, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti sinditumiza chilichonse choopa madzi.

Pobwera bambowa salipiritsa kanthu ngati kaphukusi nkakang'ono. Dzulo andiimbira kuti ndikatenge usipa wouma womwe apongozi atumiza, ati ndifulumire poti wanunkhitsa okala yonse.