Kukoka kapena kufinya: kuyeza kulimba kwa zophulika zosachedwa kusweka

Zophulika zambiri, monga PBX (ufa wophulika womatidwa pamodzi ndi pulasitiki), n'zouma gwa. Ukazikoka sizitamuka, zimangothyoka mwadzidzidzi. Pofuna kudziwa kulimba kwake pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi kukoka mwachindunji. Amasema kachidutswa kowonda pakati, makina n'kukagwira mbali zonse ziwiri n'kumakoka mpaka kaduke. Zikayenda bwino nambala yake ndi yodalirika, koma makinawo akangopendekeka pang'ono, kamathyokera pomwe agwirapo, ntchito yonse yapita pachabe. Komanso kusema chinthu chophulika si masewera.

Yachiwiri ndi Brazilian test, imene Fernando Carneiro, injiniya wa ku Brazil, anayambitsa mu 1943 poyeza konkire. Kachidutswa kobulungira ngati kobiri amakaimika, n'kukafinya pamwamba ndi pansi. Chodabwitsa n'chakuti kufinyako kumakokera pakati pake kumanja ndi kumanzere, mpaka kang'ambike pawiri. Kamakhala kakang'ono, choncho ngozi imachepa. Koma mng'alu ukayambira pomwe chitsulo chakhudza osati pakati, zotsatirazo n'zabodza. N'chifukwa chake ena amafinyira ndi zitsulo zokhota, kamera ili tcheru kuona pomwe mng'aluwo wayambira.

Zophulika zoti ziyezedwe zikakhala zochepa, ine ndingatenge yachiwiriyi.