Ko kapena če: alumikizi awiri a Chisloveniya amene amasokoneza oyamba kumene

M'Chichewa, "ndikafika" imatha kunena za nthawi kapena za chinthu chokayikitsa. Chisloveniya, chiyankhulo cha dziko la Slovenia, chimalekanitsa ziwirizi.

Ko amanena za nthawi ya chinthu chotsimikizika. "Ko pridem domov, te pokličem" ndiye kuti kunyumbako ndifika ndithu, ndipo ndikangofika ndikuimbira foni. Če amaika kukayika: "Če pridem domov, te pokličem", mwina ndifika, mwina ayi. Mukaika če pamalo pa ko, womverayo aganiza kuti simukutsimikiza zobwera.

Zinthu zongolakalaka zimafuna če pamodzi ndi kamawu kakuti bi, kamene kamabwera mbali zonse ziwiri za chiganizo: "Če bi imel čas, bi prišel", ndikanakhala ndi nthawi ndikanabwera. Mkazi anena imela ndi prišla m'malo mwa imel ndi prišel.

Pofunsa nthawi, onse awiri sagwira ntchito, pamenepo ndi kdaj: "Kdaj prideš?", ufika liti?

Ko ndi če amafanana pawiri. Mpatuliro umalembedwa nthawi zonse pakati pa zigawo ziwiri za chiganizo, ndipo timawu tating'ono monga sem, se ndi bi timabwera pambuyo penipeni pa mlumikizi. Nenani "ko sem prišel" (nditafika), osati "ko prišel sem". Apa ndiye ambiri amalakwitsa.