Matayala otchipa apirira, koma mabuleki akutsogolo adya ndalama kawiri

Bilu ya kugalaja yabwera ndi madisiki awiri atsopano a mabuleki amene sanali m'mapulani, ndipo mnzanga wafunsa ngati ndikulimbikitsabe zogula matayala ndi mapadi a mabuleki otsika mtengo pa galimoto yogula kwa wina. Pa matayala ndikuti inde. Pa mabuleki mtima wanga wakhala ukusinthasintha m'miyezi yapitayi, ndipo chifukwa chake chiyenera kufotokozedwa bwinobwino.

Galimoto yanga ndi yaing'ono, ya mabuleki a disiki kutsogolo ndi a dilamu kumbuyo. Inavala matayala anayi atsopano a kampani yosatchuka, pa mtengo wopitirira pang'ono theka la mtengo wa a makampani odziwika, komanso mapadi akutsogolo otchipitsitsa amene analipo. Wogulitsa ndi woikapo anali malo amodzi.

Za matayala sizitalika. Pouma amagwira msewu bwino. Mpweya amasunga. Kamwedwe ka mafuta sikanasinthe moti n'kuzindikira. Phokoso limamveka pang'ono mukathamanga. Pamvula ndi pamene kutchipa kumaonekera: galimoto imatenga kamtunda kotalikirapo kuti iime, choncho muyenera kusiya mpata wokwanira ndi imene ili kutsogolo kwanu. Kutha kwake ndi kofanana mbali zonse, ndipo izi zatheka chifukwa alayimenti, ntchito yowongola mawilo, inachitika tsiku lomwelo lovala matayalawo.

Chimene chimapulumutsa ndalama pa tayala lotchipa ndi kuwerenga zolembedwa m'mbali mwake musanalipire. Tengani chitsanzo cha 185/65 R15 88H. Nambala 185 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 65 ikutanthauza kuti khoma lake ndi lotalika magawo 65 pa 100 a kufutukukako, 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Ambiri amaimira pamenepa, koma 88H ndi yofunika chimodzimodzi. Nambala 88 ikunena kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 560, ndipo H ndi liwiro lofika makilomita 210 pa ola. Tayala lotchipa la saizi yomweyo limatha kukhala ndi nambala yonyamula yocheperapo. Musatsike pansi pa zimene zalembedwa pa kapepala kamene kali pa felemu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Kenako funani manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 2321, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2021. Tayala limakalamba ngakhale lisanaponde msewu, ndipo mtengo wina umatsika chifukwa katunduyo wakhalitsa m'sitolo. Makampani ambiri amalangiza kuti tayala likadutsa zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka yabwino.

Matayala a kaunjika amakopa, koma masamu ake nthawi zambiri sakomera wogula. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yozama pafupifupi mamilimita 8, ndipo m'mayiko ambiri malire a lamulo ndi 1.6. Ndiye kuti mukugula mamilimita 6.4 ogwiritsa ntchito. La kaunjika lotsala ndi mamilimita 4 lili ndi 2.4 okha, osafika n'komwe magawo 40 pa 100 a latsopano. Mukalipira theka la mtengo mwalipira zambiri, ndipo ndalama yovalitsa ndi ya balansing'i, ntchito yolinganiza kulemera kwa wilo, mudzaiperekanso posachedwa. Onjezani kuti pansi pa mamilimita 3 tayala limayamba kulephera kutulutsa madzi, n'kumayandama pamvula. Ngati thumba lakana ndithu, lionetseni mkati lisanavale limu. Chigamba cha pakati pa mizere chikhoza kupirira chikamatidwa bwino kuchokera mkati, koma cha m'mbali kapena pa phewa, ayi. Chotupa pa khoma ndi chizindikiro choti zingwe za mkati zaduka, ndipo tayala lotero silikonzedwa. Timing'alu tambirimbiri ta pa mphira ndi ukalamba. Mukagula awiri okha, akhale a mtundu umodzi ndipo avale kumbuyo, chifukwa kumbuyo kukaterereka pa kona galimoto imazungulira ndipo chiwongolero sichithandizanso.

Tsopano mabuleki. Masabata oyamba zonse zinali bwino, kupatula kulira pang'ono m'mawa. Pambuyo pake limu lakutsogolo mbali imodzi linayamba kuda ndi fumbi la mapadi kuposa linzake. Kenako chiwongolero chinayamba kunjenjemera poponda buleki galimoto ikuthamanga, ndipo pedulo inkabweza phazi pang'onopang'ono. Galimoto ikaima pambuyo pa ulendo wautaliko, wilo lomwelo linkatentha moti kutentha kunkamveka dzanja lili patali, pamodzi ndi fungo la chinthu chopsa.

Apa pali kusiyanitsa kumene kumapulumutsa ndalama. Chiwongolero chikamanjenjemera mukungoyenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola, phazi lisali pa buleki, ganizirani za balansing'i kapena limu lopindika. Chikamanjenjemera pokhapokha mwaponda buleki, vuto lili pa disiki. Ambiri amasintha matayala abwinobwino chifukwa chosadziwa izi.

Wogulitsa ananena msanga kuti disiki yapindika chifukwa cha kayendetsedwe. Makaniko wina atatsegula, nkhani inali ina. Padi ya mkati inatsala pang'ono kufika pa chitsulo, chikhalirecho ya kunja inali isanathe n'theka lomwe. Kutha kotereku kumaloza pa mapini a kalipa, chitsulo chimene chimagwira mapadi n'kumawapanikiza pa disiki. Kalipa ya galimoto zambiri zazing'ono ili ndi pisitoni mbali imodzi yokha, ya mkati. Mukaponda buleki, pisitoni imakankha padi ya mkati, ndipo kalipa yonse imasendera pa mapini awiri kuti ikoke padi ya kunja. Pini imodzi ikauma, kalipa siisendera. Padi ya mkati imagwira ntchito ya awiri, ndipo mukachotsa phazi mapadi sabwerera bwino, amangokhula disiki ulendo wonse. Disiki imatentha, zokhulika za padi zimamatirira pa iyo mosafanana, kenako disikiyo imakhala yokhuthala malo ena n'kupyapyala malo ena. Kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri moti ndi maso simungakuone, koma phazi limakumva. Zambiri zimene anthu amazitcha kupindika kwa disiki zimakhala zimenezi.

Pini inauma chifukwa chiyani? Inapakidwa gilisi wamba wakuda, wa mabering'i. Gilisi ameneyu amatupitsa mphira wa kachivundikiro ka pini. Kachivundikirako kanang'ambika, madzi analowa, dzimbiri linagwira. Pa mapini pamafunika gilisi wa silikoni kapena wina wopangira mabuleki, wosawononga mphira.

Nditamva izi ndinawakhululukira mapadiwo, poganiza kuti mlandu wonse ndi wa woikapo. Koma atachotsedwa, anaonetsa mbali yawo. Timakutu tawo, tolowa mu bulaketi, chitsulo chimene mapadi amakhalamo, tinali tokhuthala ndi penti moti pochotsa panafunika hamala. Padi yoyenera imasuntha ndi zala mu bulaketi mwake. M'bokosi lake munalibe timakilipi tatsopano ta chitsulo chosachita dzimbiri timene padi imatsetserekapo, choncho takale tadzimbiri tinabwezeredwa. Munalibenso timapuleti toletsa kulira. Pa bokosi panalibe chizindikiro chilichonse cha muyezo. Mapadi ambiri abwino, ngakhale a mtengo wapakati, amakhala ndi chizindikiro cha ECE R90, chosonyeza kuti poyesedwa kagwiridwe kake sikanasiyane ndi a kampani yopanga galimotoyo kupitirira magawo 15 pa 100. Chizindikiro chimenechi sichikweza mtengo kwambiri, ndipo ndicho choyamba kufuna pa bokosi.

Ntchito yoika mapadi ikachitika mokwanira imayenda motere, ndipo muli ndi ufulu woima pafupi n'kumaona. Mapini onse awiri atuluke, apukutidwe, aunikidwe ngati ali ndi dzimbiri, apakidwe gilisi woyenera. Tizivundikiro tong'ambika tisinthidwe, ndi totchipa. Bulaketi ikwechedwe ndi bulashi ya waya pamene padi imakhala. Pisitoni ibwezedwe pang'onopang'ono, wina akuyang'ana kuti mafuta a mabuleki asasefukire m'kabotolo kake. Kalipa isalendewere pa paipi ya mphira, imangiriridwe ndi waya. Disiki iyezedwe kukhuthala malo angapo ndi kuyerekeza ndi nambala yodindidwa pa iyo, imene kawirikawiri imayamba ndi MIN TH. Kupala disiki pa makina kuli ndi phindu pokhapokha ngati ikhalebe pamwamba pa nambala imeneyo ikatha kupalidwa. Ngati mukuika disiki yatsopano, nkhope ya habu, pamene disiki imakhazikika, ipalidwe dzimbiri mpaka iwale, chifukwa kadzimbiri kochepa kamapendeketsa disiki, ndipo pa galimoto zambiri kupendekeka kololedwa ndi pafupifupi mamilimita 0.05 basi. Disiki yatsopano ikakhala pa habu yadzimbiri, kunjenjemera kumabwerera pakangopita miyezi yochepa. Manati a wilo amangidwe modumphanadumpha ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo wa m'buku la galimoto, umene pa galimoto zazing'ono umakhala cha pakati pa 100 ndi 120 Nm, muyezo wa mphamvu yomangira. Mfuti ya mpweya imamanga mopitirira ndiponso mosafanana.

Galimoto isanasunthe, pedulo ipopedwe kangapo mpaka ilimbe, apo ayi buleki yoyamba imapita pansi popanda kugwira. Mapadi atsopano amafunanso kuzoloweretsedwa ndi disiki. Pa msewu wopanda anthu, tsikani kuchokera pa makilomita 60 pa ola kufika cha pa 15, mosaponda mwamphamvu kwambiri, maulendo 8 kapena 10, osaimiratu. Kenako yendani pang'ono kuti azizire. Kuima phazi lili pa buleki disiki ikadali yotentha kwambiri kumasiya chidindo cha padi pa disikipo. Pa makilomita 200 oyamba pewani kumanga mabuleki mwadzidzidzi pokhapokha pa ngozi.

Mapadi ndi madisiki amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Padi yatsopano imakhala ya mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ikatsala ndi 3 yatha. Poyang'ana musakhutire ndi ya kunja imene imaoneka pa mpata wa limu, pakuti yobisika mkati ndi imene imatha msanga pini ikauma. Pogula tengani nambala ya chassis kapena padi yakale m'manja. Galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zimatha kukhala ndi makalipa osiyana, makamaka zimene zinapangidwira msika wa dziko lina.

Mafuta a mabuleki ambiri amawaiwala pa galimoto yakale. A mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi malirewo amatsikira cha pa 155. Wilo lotentha ndi padi yokhula likhoza kuwawiritsa, pedulo n'kufewa nthawi imene mukuifuna kwambiri, monga potsika phiri. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. A DOT 5 ndi a silikoni, sasakanizidwa ndi awiri enawa. Kumbuyo, madilamu anali bwino: mashu, amene amagwira ntchito ya mapadi m'dilamu, akadali ndi nyama, ndipo timasilinda sitikudontha.

Za wogulitsa zili ndi mbali ziwiri. Valavu ya tayala limodzi itayamba kutaya mpweya anaisintha osakangana, ndipo kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo anachita ulere monga analonjezera. Pa mabuleki nkhope inasintha. Anati zinthu zotha ndi ntchito zilibe galanti. Lisiti linangolembedwa kuti mapadi ndi ntchito, popanda dzina la kampani, nambala ya katundu, kapena makilomita amene galimoto inali nawo tsikulo, choncho panalibe posonyeza kuti atha msanga. Ataonetsedwa pini yadzimbiri ndi mapadi awiri otha mosiyana, anavomera kubweza ndalama ya ntchito yokha. Za madisiki anakana. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa madisikiwo anali ndi moyo wautali, ndipo chimene chinawapha ndi gilisi wolakwika ndi mphindi zochepa zimene munthu sanafune kuthera pa bulashi. Choopsa kwambiri n'chakuti padi ya mkati inatsala pang'ono kutha galimoto ikunyamula anthu.

Pa ndalama zatuluka motere. Matayala apulumutsa pafupifupi theka, ndipo ngati apitirize kutha mmene akutheramu, ndalamayo ndi yopulumukadi. Pa mapadi panapulumuka kagawo kochepa ka mtengo wa mapadi apakati, koma madisiki awiri, mapadi ena, mapini, mafuta ndi ntchito yachiwiri zadya kangapo kuposa pamenepo, mpaka kulowa m'zimene zinatsala pa matayala. Mapadi amene alipo tsopano ndi a mtengo wapakati, a chizindikiro cha R90, obwera ndi timakilipi take. Salira, fumbi ndi lofanana mbali zonse, ndipo chiwongolero chakhazikika. Matayala ndidzagulanso kwa wogulitsa yemweyo, nditawerenga deti. Mabuleki ndasamutsira kwa makaniko amene amaonetsa mapini ali panja ndipo amalemba nambala ya katundu ndi makilomita pa lisiti.