Ophika aganyu pa Khirisimasi ya banja: ndi oyeneradi ndalama zake?

M'mabanja ambiri kuno kwathu muli anthu amene Khirisimasi samaidya. Ndi atengwa, alongo aakulu ndi atsikana ongosinkhuka kumene. Amadzuka tambala woyamba, kutunga madzi, kusosola nkhuku, kusankha mpunga, ndipo pamene anzawo akuchokera kutchalitchi atatchena, iwo maso ali psuu ndi utsi. Amadya pomaliza, kenako mulu wa mbale ukuwadikira. Mikangano yambiri imene imabuka mawa lake, ya kuti wina anagwira yekha ntchito pomwe mnzake anangokhala pakhonde ndi foni, gwero lake ndi pamafuwa.

Chimene tikuunika pano ndi ntchito ya amayi ophika pa zikondwerero, omwe aja mumawaona pa maukwati ndi pa zinkhoswe, amene masiku ano amalolanso kudzaphika pa phwando la banja. Amapezeka paliponse, ku Ndirande, Bangwe, Kawale, Area 25, Chinamwali, Chibavi ngakhale pa matauni ang'onoang'ono a m'maboma. Ambiri alibe chikwangwani. Njira yodalirika yowapezera ndi kufunsa amene anakhalapo m'komiti ya chakudya pa ukwati waposachedwa, kapena amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, chifukwa iwo amadziwa yemwe mpunga wake sunyeka.

Ntchitoyi ili pawiri. Pali obwera ndi manja awo, miphika, mithiko ndi zipande, inu n'kugula zophikazo nokha. Palinso olipiritsa pa mbale, amene amaphikira kwawo n'kubweretsa chakudya chakupsa kale. Kwa banja la anthu opyola 30 limene lili ndi bwalo losonkhapo moto, ife tikuti tengani oyambawo. Phindu lake ndi lalikulu ndipo limaoneka tsiku lomwelo: amayi a pakhomo amapemphera nawo, amadya nawo, amacheza ndi abale ochokera kutali. Zogula mumaziona ndi maso anu, ndipo zotsala ndi zanu.

Olipiritsa pa mbale ali ndi malo awo. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo, kapena landilodi salola moto panja, palibe kuchitira mwina. Koma dziwani kuti chakudya chawo chimaphikidwa m'mamawa chifukwa tsiku limenelo amakhala ndi maoda angapo, galimoto ikatitimira m'matope chimafika chitazizira, ndipo mbale zimawerengedwa ndendende. Khirisimasi yathu siyendera chiwerengero. Mwana wa aneba, msuweni amene sananene kuti abwera, mkulu wa mpingo wodutsa kudzapereka moni, onsewo amafuna mbale.

Tiyeni tilowe m'zogula, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Titenge anthu 40, akulu 30 ndi ana 10. Kilogalamu imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira anthu 6 kapena 7, choncho makilogalamu 6 ndi okwana, koma gulani 7 chifukwa cha alendo osayembekezeka aja. Ufa woyera makilogalamu 5 usasowe, poti achikulire ambiri akadya mpunga amati sanadye. Nkhuku yachikuda imodzi imatuluka nthuli 8 zooneka bwino, ndiye nkhuku 5 zipatsa aliyense nthuli imodzi. Mbuzi yapakatikati imapereka nyama ya makilogalamu 10 mpaka 12 pamodzi ndi mafupa, ndipo imodzi ikwanira ngati ikuyenda limodzi ndi nkhukuzo. Onjezani malita 5 a mafuta ophikira, matimati makilogalamu 5, anyezi makilogalamu 2, mitu 4 ya kabichi, mchere, ndi sopo wotsukira. Gulu lotere limafuna ophika atatu ndi mmodzi wothandiza kutunga madzi ndi kutsuka. Akabwera awiri okha, chakudya cha 1 koloko mudzadya 4 koloko.

Wophika wodziwa ntchito amakuuzani yekha miyezo imeneyi musanamufunse, ndipo ichi ndi chiyeso chabwino. Mufunseni kuti anthu 40 afuna mpunga wochuluka bwanji. Akayankha kuti "bola mugule wambiri", kapena akatchula makilogalamu 15, fufuzani wina.

Ndiwo zisachuluke mitundu. Banja lina limafuna nkhuku, mbuzi, ng'ombe, chambo, soseji, tchipisi, makaroni ndi saladi tsiku limodzi pa mafuwa atatu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mtundu uliwonse umafuna mphika wake, moto wake ndi munthu wouyang'anira, ndipo zikachuluka china chimapserera china chimatuluka chosapsa. Nyama ziwiri, masamba amodzi ophika ndi kabichi n'zokwana. Chambo chisiyeni: mu Novembala ndi Disembala usodzi wa makoka umatsekedwa pa nyanja ya Malawi kuti nsombayi iswane, choncho chimasowa ndipo mtengo wake umakwera. Tchipisi nachonso chimatsekereza chiwaya ndi munthu mmodzi kwa maola awiri, n'kumwa mafuta ochuluka. Mbatesi zowiritsa n'kuzikazinga pang'ono pamodzi ndi anyezi zimathamanga.

Luso lenileni la amayiwa limaonekera pa mpunga. Kuphika makapu atatu m'sefuliya ndi kuphika makilogalamu 7 ndi ntchito ziwiri zosiyana. Odziwa amaugawa m'miphika iwiri, uliwonse makilogalamu atatu kapena anayi, chifukwa mumphika umodzi waukulu wapansi umanyeka wapamwamba usanapse. Amayeza madzi ndi chiwiya chomwe ayezera mpunga, pafupifupi muyezo umodzi ndi theka wa madzi pa muyezo umodzi wa mpunga wotsuka. Madzi akangouma amachotsa nkhuni zonse, kusiya makala ochepa pansi, n'kuika makala ena pa chivundikiro kwa mphindi 20 osavundukula. Mukaona wophika akutakasa mpunga ndi mthiko kawirikawiri, dziwani kuti mudya phala. Onaninso pansi pa miphika yawo tsiku lokambirana. Mphika wopyapyala kapena wopindika pansi umapsereza ngakhale wophikayo akhale katswiri.

Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ndiwo anthu amaukonda chifukwa cha fungo lake, koma m'misika ena amausakaniza ndi wotchipa. Tapani pang'ono m'manja: ukhale wautali, wofanana, wosasweka kwambiri, ndipo fungo limveke. Pofika Disembala mpunga wokolola chaka chomwecho umakhala utauma bwino, motero umamwa madzi ochulukirapo pang'ono kuposa watsopano. Kupeta ndi kusankha miyala kuchitike dzulo lake. Ntchito imeneyi apatseni adzukulu madzulo a pa 24, asaigwire ophika m'mawa wa phwando.

Pa nkhuku, cholakwika chofala ndi kusakaniza yachikuda ndi yachizungu mumphika umodzi. Yachikuda imafuna ola limodzi ndi theka kapena awiri kuti ifewe, pomwe yachizungu imapsa m'mphindi 40. Zikaphikidwa pamodzi, ina imasungunuka ina ikadali yolimba. Sankhani mtundu umodzi, apo ayi miphika iwiri.

Mbuzi nthawi zambiri amayiwa sapha okha, choncho konzani munthu wopha ndi kusenda, afike 5 koloko m'mawa. Ngati pakati pa abale kapena aneba pali Asilamu, pemphani Msilamu kuti achinje mbuzi ndi nkhuku zomwe, kuti aliyense adye momasuka. Popanda firiji yodalirika musaphe dzulo lake, kutentha kwa Disembala sikukhululuka. Zam'kati ndizo zimayamba kuonongeka, ndiye zitsukidwe ndi kuikidwa pamoto poyambirira. Gwirizananinso pasadakhale za mutu, mang'ina, chikopa ndi nthumbwana. Zikuoneka zazing'ono, koma mabanja amakwiyirana ndi ophika chifukwa cha chiwindi chimene chasowa.

Ndondomeko yoyenda bwino ndi yotere: moto uyake 6 koloko, nyama ya mbuzi ndi nkhuku zachikuda zikhale pamoto pofika 8 koloko, mpunga uyambe 10:30, masamba 11:30, nsima pomaliza penipeni, patatsala theka la ola kuti anthu adye.

Ubwino wina umene anthu sauganizira ndi wa kupakula. Lolani ophikawo agawe ndiwo okha. Anthu akamadzitengera, khumi oyamba amamaliza nyama, ndipo wapabanja sangathe kuuza amalume ake kuti nthuli imodzi yakwana. Mlendo waganyu amatha, mwaulemu, ndipo palibe amene amamusungira chakukhosi. Ana ayambe kulandira, pamphasa pawo, kenako agogo ndi odwala. Mphika umodzi waung'ono wa ndiwo ubisidwe m'nyumba chifukwa cha ochedwa.

Tsopano zofooka zake. Choyamba ndi mvula. Ophika amabwera ndi miphika, sabwera ndi denga. Ambiri amathamangira kubwereka tenti ya alendo n'kuiwala pophikira, chonsecho alendo angathe kuthawira pakhonde koma moto sungathawe. Mangani chisakasa cha malata kapena lona wokwezeka bwino, chotseguka m'mbali, pamalo okwera, ndipo kumbani kangalande kozungulira. Nkhuni zouma, mitolo ikuluikulu isanu kapena isanu ndi umodzi, zigulidwe mvula isanakhazikike ndipo zisungidwe pansi pa denga. Nkhuni zonyowa zimachedwetsa chakudya ndi maola awiri ndipo mpunga umanunkha utsi. Mvula ikakula musalowetse mbaula za makala m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Chachiwiri ndi ukhondo, ndipo apa musachite manyazi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo inafika poipa kwambiri nthawi ngati yomweyi ya mvula. Anthu 40 amafuna zigubu 10 za malita 20 zophikira, kusamba m'manja ndi kutsukira, kupatula madzi akumwa othira mankhwala a klorini kapena owiritsa. Ikani ndowa ya mpopi ndi sopo pafupi ndi pophikira, ina pafupi ndi chimbudzi. Kusamba m'manja m'beseni limodzi kulekeke, madzi azithiridwa. Thabwa ndi mpeni zodulira nyama yaiwisi zisakhudze kabichi wodya wosaphika. Magulu ena ndi aukhondo kwambiri, amavala maduku ndi maepuloni, koma ena amafuna kukumbutsidwa, ndipo ndi ntchito ya mwini khomo kutero.

Chachitatu ndi mitima ya eni khomo. Agogo aakazi amene aphikira banja lawo zaka 40 angamve ngati mwawachotsa ntchito, kapena ngati mukunena kuti saphika bwino. Kambiranani nawo mu Novembala, osati kungotulukira ndi alendo kukhitchini kwawo. Asiyireni chimene amatchuka nacho: thobwa, limene limakonzedwa tsiku limodzi kapena awiri phwando lisanafike, kapena nkhwani wotendera, poti nthawiyi masamba ali anthete. Komanso ophika azilandira malangizo kwa munthu mmodzi yekha. Azakhali akati onjezani mchere, alamu akati chepetsani mafuta, apongozi akati yambani nsima, ngakhale katswiri amasokonezeka.

Pa ndalama, musadalire pakamwa. Lembani pa pepala kapena pa WhatsApp chiwerengero cha ophika, nthawi yofika, zimene aphike, ziwiya zimene abweretse, ngati kutsuka mbale kuli momwemo, ndi amene alipire thiransipoti ya miphika. Kutsuka mbale ndiko kumabweretsa mkangano kawirikawiri: ophika amatsuka miphika yawo n'kunyamuka, mbale 40 n'kutsalira atengwa omwe aja mumafuna kuwapumitsa. Chikole chisapyole theka, ndipo kutumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kwabwino chifukwa uthenga umakhala umboni. Nenaninso amene alipire ndalama yotapira. Yotsalayo ikonzeni m'manja pa 23, chifukwa pa tsiku la chikondwerero maejenti ambiri amatseka kapena ndalama zimawathera. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womva mwezi uno sukhala womwewo mwezi wamawa, choncho mpunga, mafuta, shuga ndi mchere gulani mu Okutobala kapena Novembala, ndipo mbuzi muigule msanga n'kuisunga kumudzi. Abale asonkhe kwa msungichuma mmodzi, tsiku lomaliza likhale 10 Disembala, ndipo bajeti ipangidwe ndi ndalama zimene zafika, osati zolonjezedwa. Fizi ya teremu yachiwiri imadikira kumayambiriro a Januwale.

Ngati mwabwerekanso mipando ya pulasitiki ndi mbale, ziwerengeni pamaso pa wobweretsayo ndipo zong'aluka muzijambule pa foni. Pobweza muwerengenso.

Kumbukirani kuti amayiwa nawonso ali ndi ana amene akuwasiya pa 25. N'chifukwa chake mtengo wa tsikuli umakhala wokwera, ndipo n'koyenera. Musawanyengerere mpaka kuwafinya, ndipo chakudya chawo ndi chopita nacho kwa ana awo chiwerengedwe pogula. Mabanja ena amasunthira phwando pa 26, lomwenso ndi tchuthi: ophika amapezeka mosavuta, ndipo apabanja amatha kukhala tsiku limodzi kuchimuna lina kuchikazi popanda wodandaula. Magulu abwino amadzaza msanga chifukwa maukwati amachulukanso mwezi womwewu, ndiye kambiranani nawo Novembala asanathe.

Anthu akachepera 15, ganyuyu sakufunika. Gawanani ntchito, amuna ndi anyamata atenge nkhuni, madzi, nyama yootcha ndi mbale.

Zotsala musazisiye m'miphika mpaka usiku. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, makamaka mpunga, umene umaonongeka msanga ngakhale ukuoneka bwinobwino. Ophika asananyamuke, apempheni agawe zotsalazo m'makontena a abale ndi aneba zikadali zotentha. Za mawa zilowe m'firiji m'ziwiya zosaya kuti zizizire msanga, ndipo popanda firiji nyama iwiritsidwenso mpaka kubwata madzulo, ndi m'mawa isanadyedwe.