Ndemanga: kontilakita amene anatimangira wodi ya amayi chipatala chikugwirabe ntchito

Ndine namwino wamkulu pa chipatala china cha mishoni cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, m'chigawo chapakati. Anzanga a zipatala zina akhala akundifunsa za kontilakita amene anatimangira nyumba yosanjikiza ya amayi oyembekezera, fiyeta ndi chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane. Ndati ndiyankhe onse pano. Dzina la kampaniyo sinditchula, koma ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo yomwe ndachotsayo ndifotokoza chifukwa chake.

Nyumbayi sinamangidwe kutchire. Khoma lake linalumikizana ndi khonde lakale limene timadutsitsa odwala pa tirole, ndipo mawindo a wodi ya chifuwa chachikulu anayang'anizana ndi pomwe ankakumba maziko. Amayi sasiya kuchira chifukwa kunja kuli makina osakanizira konkire. Choncho ine sindinkayang'ana kwambiri kuwongoka kwa khoma, zimenezo anali nazo ainjiniya. Ndinkayang'ana fumbi, phokoso, madzi, magetsi ndi njira zodutsa anthu.

Pa fumbi ndiye ndikuwavulira chipewa. Anayamba kugumula kakhitchini kakale mu Seputembala, nthawi imene ngakhale pasamangidwe kanthu fumbi limalowa mpaka m'kabati. Fumbi la nyumba yakale komanso la dothi lofukulidwa limanyamula chuku chotchedwa Aspergillus. Munthu wathanzi amachipuma osadwala, koma kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi HIV, kapena mapapo anawonongeka ndi chifuwa chachikulu, chikhoza kumera m'mapapomo. Tisanawauze n'komwe, anali atatchinga khonde ndi matabwa kuyambira pansi mpaka kudenga, m'mipata atamata pulasitiki ndi tepi. Mnyamata wina ntchito yake inali kuwaza madzi m'mawa ndi masana. Zigumu ankazitulutsa pa wilibala atavundikira chiguduli chonyowa, kudzera geti lakuseri. Ine ndinali ndi kayezedwe kanga: ndinkapititsa chala pawindo la chipinda cha makanda ndikamayamba ntchito. Masiku ambiri chalacho chinkabwerako choyera.

Munthu amene anapangitsa zonsezi kutheka ndi kapitawo wawo, bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Tsiku lililonse ankabwera pa lipoti lathu la m'mawa, chipewa cholimba chili m'manja, nsapato atasiya pakhomo. Funso lake linali limodzi: "Amayi, lero kufiyeta kuli bwanji?" Tikamuuza nthawi ya maopareshoni, makina oswera konkire ankadikira. Tsiku lina kunabwera mayi wotaya magazi kwambiri, dokotala akulephera kumva kugunda kwa mtima wa mwana chifukwa cha phokoso. Mtsikana wathu wina anangothamangira pawindo n'kukupiza nsalu yobiriwira. Makina onse anazima pomwepo, ndipo sanayakenso mpaka ine nditatuluka kukawauza kuti mwana walira. Amisiri aja anawomba m'manja.

Tsiku lolumikiza magetsi a nyumba yatsopano ndi akale anatiuza kudakali milungu iwiri. Anasankha Lamulungu usiku. Tinayesa jenereta limodzi, tinadzazitsa masilinda a okosijeni poopa kuti makina opangira mpweya angazime, ndipo wamagetsi wawo anagona pa benchi ya pakhonde mpaka kunja kutacha.

Tsopano nyenyezi yosowa ija. Chipatala chathu n'chakale, mapu osonyeza momwe mapaipi anayendera pansi anasowa kalekale, ndipo tinawauza zimenezi poyamba pomwe. Iwo analowetsabe katapila osayamba ayesa kukumba ndi piki ndi fosholo. Anadula paipi yaikulu ya madzi. Kuyambira m'mawa mpaka usiku m'chipinda chochilira munalibe dontho, makina ophikira zida za opareshoni anaima, amayi odikirira odwala ndi amene anatipulumutsa potunga madzi pamjigo ndi ndowa zawo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa zinali zopeweka. Anavomera kulakwa osazemba, anabweretsa thanki ya madzi ndi ndalama zawo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ngalande iliyonse ankayamba ndi manja.

Chinanso chimene sanachiganizire ndi anthu a kuchitando. Mpanda wawo wa malata unatseka kanjira kamene odikirira odwala amadzera ndi phala ndi nsima. Njira yozungulira imene anawapatsa, mvula itayamba, inasanduka matope okhaokha, ndipo zikwangwani zonse zinali m'Chingerezi. Ndinaona agogo ena ataterereka, ndiwo zonse pansi. Ndinalankhula katatu asanathire miyala ndi kulemba zikwangwani m'Chichewa. Amene mukulemba mgwirizano ndi kontilakita, njira ya kuchitando ilembedwemo, musangoganiza za ya ambulansi yokha.

Ntchito inachedwa ndi miyezi ingapo. Mbali ina inali mvula, mbali ina kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mitengo ya simenti ndi zitsulo inakwera mosayembekezeka ndipo anayenera kukhalanso pansi ndi eni chipatala. Pamenepa sindiwaimba mlandu. Chimene ndinakonda n'choti sanafupikitse zinthu pofuna kubweza nthawi. Denga la konkire analithirira madzi tsiku ndi tsiku, timabokosi ta konkire toyezera anatitumiza ku labu, ndipo anadikira zotsatira za masiku 28 monga zimafunikira. Njerwa zootcha sanagwiritse ntchito, potsatira malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC. Mabuloko a simenti ankaumbira kwina n'kubwera nawo ouma, zimene zinachepetsanso fumbi pafupi ndi odwala.

Titalowa, mvula yoyamba inadontha pamene denga latsopano lakumana ndi lakale, ndendende pakhomo la fiyeta. Ndinaimba foni Lachiwiri, Lachinayi anali padenga. Chatsala ndi chitseko cha chipinda cha makanda chomwe chimakhula pansi, ndipo ndalama yomaliza eni chipatala aigwira kaye mpaka achikonze. Tikadzayamba kukulitsa wodi ya ana, ine ndidzapempha kuti abwerenso, bola kapitawo akhale yemwe uja.